Hamtramck, tauni yomwe inamangidwa ndi fakitale ya galimoto



Abale ndi alongo m'Chisilamu, ambiri a ife tinaimvapo nkhani ija yomwe inawanda kumayambiriro kwa chaka cha 2022, yoti ku America kwapezeka tauni yomwe meya wake ndi makhansala ake onse ndi Asilamu. Nkhaniyo ndi yoona, ndipo tauniyo dzina lake ndi Hamtramck. Koma ochepa ndi amene anafunsa kuti Asilamuwo anakafikako bwanji, anapezako ndani, nanga omwe anawapezawo analowera kuti. Kuti tiyankhe mafunso amenewa tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka zoposa 100, tikaime pa geti la fakitale ya galimoto, chifukwa ndi pamenepo pomwe tauniyi inabadwira.

Hamtramck ili m'chigawo cha Michigan, kumpoto kwa America, kufupi ndi malire a dziko la Canada. Yazunguliridwa ndi mzinda wa Detroit pafupifupi mbali zonse, kupatula kangodya kamodzi komwe yagundana ndi tauni inzake yaing'ono ya Highland Park. Kukula kwake sikukwana masikweya kilomita 6, moti munthu amaidutsa wapansi ola lisanathe. Dzinali ndi la msilikali wina wobadwira ku Quebec, Jean François Hamtramck, yemwe anatsogolera asilikali a America pokalandira Detroit m'manja mwa Angerezi mu 1796. Kwa zaka 100 zotsatira kuderali kunali minda basi, alimi ake poyamba Afalansa, kenako Ajeremani. Mu 1901 kachigawo kena ka deralo kanalembetsedwa ngati mudzi wodziyendetsa wokha, ndipo pa kalembera wa 1910 munapezeka anthu 3,559.

Chaka chomwecho cha 1910 ndi chimene amisiri awiri a zitsulo apachibale, John ndi Horace Dodge, anayamba kumanga fakitale yawo kum'mwera kwa mudziwo, pafupi ndi njanji, pomwe malo anali otsika mtengo. Kuyambira 1903 anthu awiriwa ndi amene ankapangira Henry Ford mainjini ndi zitsulo zina za galimoto zake, ndipo anali ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a kampani ya Ford. Ataona kuti kudalira wogula mmodzi n'kudziika pa msampha, anasiyana naye, ndipo mu Novembala 1914 anatulutsa galimoto yoyamba ya dzina lawo. Mu Januwale chaka chomwecho, Ford anali atalengeza kuti azilipira antchito ake a ku Highland Park madola 5 pa tsiku, kuwirikiza kawiri malipiro a nthawiyo. Mbiri inamveka mpaka kutsidya kwa nyanja kuti ku Detroit kuli ntchito yosafuna sukulu. Pofika kalembera wa 1920, m'mudzi muja munali anthu 48,615. Tiwerengenso bwino: kuchoka pa 3,559 kufika pa 48,615 m'zaka khumi zokha, kuwirikiza koposa ka 13.

Ochuluka mwa anthuwa anali a mtundu wa Chipolishi. Nthawi imeneyo dziko la Poland panalibe pa mapu, popeza kuyambira 1795 linali litagawidwa pakati pa Russia, Prussia ndi Austria, ndipo linadzaimanso palokha mu 1918. Omwe ankawoloka nyanja ambiri anali ana a alimi osauka opanda minda. Ena ankayamba akhala kum'mawa kwa Detroit, m'dera lotchedwa Poletown, n'kudzasunthira ku Hamtramck atamva kuti kwa Dodge akulemba. Ntchito ya pa lamba woyenda inkawayanja chifukwa siinkafuna Chingerezi. Munthu ankaonetsedwa ndi manja nati yoti azimanga, n'kumamanga yomweyo kuyambira m'mawa mpaka kuweruka.

Nyumba zomwe anamanga zilipobe mpaka lero, ndipo n'zofunika kuzimvetsa chifukwa zidzabweranso m'nkhaniyi. Mapuloti ake anali opapatiza, ambiri mamita 9 m'lifupi, nyumba zamatabwa zosanja kawiri zogundana ngati mano a chipeso. Banja limodzi pansi, lina pamwamba, ndipo kachipinda kotsala ankachititsa lendi mnyamata wongofika kumene, ndalama yake n'kumabwezera ngongole ya nyumbayo. Wantchito ankadzuka, kunyamula kamba wake, n'kuyenda wapansi mpaka pa geti la fakitale. Msewu wa Joseph Campau unadzaza ndi masitolo, mabucha, mabanki ndi malo ophikira buledi, ndipo munthu ankatha kubadwa, kukwatira, kugwira ntchito ndi kuikidwa m'manda osafunikira Chingerezi chochuluka.

Pakati pa moyo wawo panali tchalitchi cha Katolika. Parishi ya St. Florian inakhazikitsidwa mu 1908, ndipo chitchalitchi chake chachikulu cha njerwa zofiira chinatsegulidwa mu 1928, ndalama zake zosonkha anthu a m'fakitale omwewo. Aliyense wa ife amene anaonapo mzikiti ukukwera ndi zopereka za anthu ogulitsa tomato ndi opalasa kabaza akudziwa tanthauzo la zimenezi. Maparishiwa analinso ndi sukulu zoyendetsedwa ndi masisitere, komwe ana ankaphunzira chipembedzo ndi chilankhulo cha makolo awo. Makolowo ankaopa chomwe kholo lililonse lokhala kuchilendo limaopa, kuti mwana adzakula osatha kupemphera kapena kulankhula ndi agogo ake. Chipembedzo anachisunga ndithu, koma chilankhulo chinayamba kuzilala pofika kwa zidzukulu, ngakhale sukuluzo zinalipo.

Mu 1922 anthu a ku Hamtramck anailembetsa ngati mzinda woima pawokha, pofuna kuti Detroit, yomwe inkameza madera oizungulira, isawameze. Meya woyamba anali Peter Jezewski, wogulitsa mankhwala wa Chipolishi. Tisaganize kuti inali tauni ya oyera mtima okhaokha. Zaka zimenezo boma la America linali litaletsa mowa, kuyambira 1920 mpaka 1933, koma ku Hamtramck malo omwera mobisa anachuluka, ndipo akuluakulu ena a khonsolo ankadyapo. Jezewski yemweyo anakalowa m'ndende pa milandu yokhudza mowa, ndipo meya wina wa pambuyo pake, dokotala Rudolph Tenerowicz, naye anamangidwa pa milandu ya katangale. Onse awiri atatuluka anthu anawavoteranso. Mtundu ukamadziona kuti ndi wonyozeka pamaso pa eni dziko, umateteza mwana wake ngakhale atalakwa poyera.

Tingodutsako pang'ono ku Highland Park, poti ndi pakhomo pomwepo. Mu Juni 1921, pa Idi yomaliza Ramadhan, Asilamu ogwira ntchito kwa Ford, ambiri ochokera ku Syria ndi Lebanon wa lero, anatsegula mzikiti pafupi ndi fakitaleyo, umodzi mwa mizikiti yoyambirira kumangidwa m'dziko la America. Sunakhalitse. Kusagwirizana kwa eni ake komanso kusamuka kwa ntchito za Ford kupita ku Dearborn kunautseketsa patangopita zaka zochepa. Ndiye kuti Asilamu analipo m'mafakitale a Detroit kuyambira pachiyambi, kungoti ku Hamtramck nthawi yawo inali isanakwane.

John ndi Horace Dodge onse anamwalira m'chaka chimodzi cha 1920. Akazi awo amasiye anagulitsa kampaniyo mu 1925 pa mtengo wa madola 146 miliyoni, ndipo mu 1928 inagulidwa ndi Walter Chrysler. Fakitale ya ku Hamtramck inadzadziwika ndi dzina loti Dodge Main. Mu 1930 chiwerengero cha anthu chinafika pa 56,268, kutanthauza anthu oposa 10,000 pa sikweya kilomita iliyonse, ndipo sichinadzafikenso pamenepo. Lamulo la 1924 linali litatseka kale khomo kwa anthu ochokera kum'mawa ndi kum'mwera kwa Ulaya, moti mtsinje wodzaza tauniyi unali utaphwa kugwero.

Ntchito ya m'fakitale inali ya malipiro abwinopo, koma yopanda chitetezo. Kapitawo ankatha kuthamangitsa lamba momwe wafunira, ankatha kuchotsa munthu popanda kufotokoza, ndipo chaka chilichonse posintha mtundu wa galimoto antchito ankakhala pakhomo masabata angapo osalandira kanthu. Chuma cha dziko chitagwa mu 1929 zinthu zinafika poipa. N'chifukwa chake mu Malichi 1937, patangopita masabata ochepa antchito a General Motors ku Flint atapambana sitalaka yawo, antchito a Dodge Main ndi a mafakitale ena a Chrysler anazimitsa makina n'kukhala pansi m'kati momwemo. Nzeru yake inali iyi: ukanyanyala n'kutuluka panja, bwana amalemba anthu ena kulowa m'malo mwako, koma ukakhala m'kati, sangalowetse wina, ndipo apolisi amaopa kuthyola zitseko kuopa kuwononga makina a ndalama zambiri. Anakhalamo masabata oposa awiri, chakudya chikuchokera kunja kwa achibale ndi anzawo. Mu Epulo, Chrysler inavomera kukambirana ndi bungwe la antchito la UAW. Mu 1950 ananyanyalanso masiku 104 mpaka kampani inavomera thumba la penshoni. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, fakitaleyi inasiya galimoto za anthu wamba n'kumapanga zida ndi zipangizo za asilikali, ndipo antchito ake anafika pafupifupi 40,000, ambiri mwa iwo amayi.

Apa ndi pomwe mbiriyi yapindika modabwitsa. Malipiro abwino omwe makolo anamenyera ndi omwe anachotsa ana awo m'tauniyi. Mwana wa wantchito wa Dodge Main, atapeza ndalama, anagula galimoto, ndipo munthu wa galimoto safunikanso kukhala pafupi ndi geti. Anakagula nyumba ya bwalo lalikulu ku Warren kapena ku Sterling Heights, kumpoto kwa Detroit, n'kumabwera ku Hamtramck Lamulungu kudzapemphera ndi kudzaona amayi ake okalamba. Mu 1950 munali anthu 43,355, mu 1960 munali 34,137, mu 1970 munatsala 27,245. Fakitale nayo inakalamba. Inamangidwa yosanja, katundu akukwera ndi kutsika, pamene mafakitale atsopano ankamangidwa apansi okhaokha pa malo otakasuka kunja kwa mizinda.

Pali anthu ena omwe mbiri ya tauniyi imakonda kuwadumpha, ndipo ife tisawadumphe. Anthu akuda a ku America ankakhala ku Hamtramck kuyambira zaka zoyambirira za fakitale. Ntchito zawo zinali zomwe ena ankazikana: kosungunulira zitsulo, kopopera penti, malo otentha ndi a utsi. M'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, khonsolo inayamba kugwetsa nyumba zomwe inkati n'zakutha, komanso msewu waukulu wa Chrysler Freeway unadutsa chakumadzulo kwa tauniyi. Madera omwe anagwetsedwa kwambiri anali a anthu akuda. Mu 1968 anthuwa anakasuma, dzina lotsogolera mlanduwo likhale la mayi Sarah Garrett, ndipo mu 1971 woweruza Damon Keith anagamula kuti khonsolo inachita dala pofuna kuchotsa anthu akuda m'tauniyi. Khonsolo inalamulidwa kumanga nyumba 200 za omwe anachotsedwawo. Kumaliza nyumba zimenezi kunatenga zaka zoposa 50, eni mlandu ambiri atamwalira, makiyi akulandira ana ndi zidzukulu. Anthu omwe makolo awo ankanyozedwa chifukwa cha mayina ovuta kutchula, atagwira mpando anachitira anzawo zoposa zomwe iwo anachitiridwa. M'fakitale namo munali chimodzimodzi. Mu Meyi 1968 antchito masauzande ananyanyala podandaula liwiro la lamba, chilango n'kugwera kwambiri akuda, ndipo mkwiyo umenewo unabala gulu la antchito akuda lotchedwa DRUM, lomwe linkalimbana ndi kampani komanso atsogoleri a UAW omwe.

Ndi m'nyengo yomweyi pamene Asilamu anayamba kuoneka ambiri pa geti la Dodge Main. Lamulo latsopano la 1965 linatsegulanso khomo kwa anthu a ku Asia ndi maiko a Aarabu, ndipo Chrysler inalemba amuna ambiri ochokera ku Yemen. Ankabwera okha, akazi ndi ana atawasiya kumidzi ya kumapiri, n'kumagona angapo m'chipinda chimodzi kuti ndalama yotumiza kwawo ichuluke. Ena ankakhala ku Hamtramck, ena ku Dearborn. Posadziwa Chingerezi komanso poopa kuchotsedwa, ankapatsidwa ntchito zolemetsa ndipo sankadandaula, moti mabwana ankawaona ngati anthu osavuta. Pa 28 Novembala 1973 anaonetsa kuti sizinali choncho. Antchito Achiarabu pafupifupi 2,000 sanapite kuntchito, lamba wa Dodge Main n'kuima, pokwiya kuti bungwe lawo la UAW linagwiritsa ntchito ndalama zomwe iwo ankasonkha kubwereketsa boma la Israel. Anthu omwe ankaoneka ngati alendo odutsa anali ataphunzira chida chomwe Apolishi anagwiritsa ntchito mu 1937.

Koma anafika phwando likutha. Kukwera kwa mtengo wa mafuta mu 1973 ndi 1979 kunachititsa Aamerika kuthamangira tigalimoto ting'onoting'ono ta ku Japan, ndipo Chrysler inatsala pang'ono kugwa, mpaka boma linachita kuiimira pa ngongole ya madola 1.5 biliyoni. Pa 4 Januwale 1980 Dodge Main inatsekedwa, ndipo mu 1981 inagwetsedwa. Tauni inataya ntchito, inatayanso wokhoma msonkho wake wamkulu.

Zomwe zinatsatira zimaphunzitsidwa m'sukulu za malamulo ku America mpaka lero. General Motors inati ikufuna kumanga fakitale yamakono yolemba anthu 6,000, koma ikufuna malo okwana maekala 465, apo ayi ikamanga kwina. Malo a Dodge Main okha sanakwane. Meya wa Detroit, Coleman Young, poona mzinda wake ukutha ntchito, anavomera kuti atenge dera la Poletown lomwe linagundana ndi malowo. M'deralo munkakhala anthu pafupifupi 4,200, Apolishi okalamba, anthu akuda, ndi ena ochokera ku Yemen ndi Albania. Munali nyumba zoposa 1,000, masitolo oposa 100, matchalitchi ndi chipatala. Malamulo a ku America amalola boma kutenga malo a munthu n'kumulipira ngati malowo akufunika pa ntchito yothandiza anthu onse, monga msewu kapena sukulu. Funso linali lakuti, kodi kulanda nyumba ya mayi wamasiye n'kupereka malowo kwa kampani yolemera ndi ntchito ya anthu onse? Mu Malichi 1981 khoti lalikulu la Michigan linati inde, chifukwa fakitaleyo ibweretsa ntchito. Ena analandira chipukuta misozi mokondwa, tisabise, poti deralo linali litayamba kale kutha. Koma ena anakana. Wansembe Joseph Karasiewicz wa tchalitchi cha Immaculate Conception anaima ndi akhristu ake ngakhale akuluakulu a mpingo anali atagulitsa kale tchalitchicho. Anthu, ambiri mwa iwo amayi achikulire, anagona m'tchalitchimo pafupifupi mwezi wathunthu, mpaka apolisi anawatulutsa m'bandakucha wa pa 14 Julayi 1981, makina ogwetsera akudikira panja. Wansembeyo anamwalira chaka chisanathe.

Fakitale inatsegulidwa mu 1985, yodzaza ndi makina odziyendetsa okha omwe poyamba ankangofa, ndipo kwa zaka zambiri antchito ake sankafika pa chiwerengero chinalonjezedwa chija. Chokhacho chomwe sanachigwetse ndi manda akale a Ayuda otchedwa Beth Olem, omwe ali m'kati mwa mpanda wa fakitaleyo mpaka pano, ndipo achibale amaloledwa kukazonda kawiri pa chaka. Mu 2004 khoti lomwe lija, poweruza mlandu wina, linati chigamulo cha 1981 chinali cholakwika. Poletown inali itasanduka kale poimika galimoto.

Papa John Paul II, mwana wa ku Poland, atafika ku Hamtramck mu Sepitembala 1987, anapeza tauni yomwe inkaonekabe ya Chipolishi koma m'kati ikuphwa. Kalembera wa 1990 anapeza anthu 18,372, kosakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a chiwerengero cha 1930. Agogo akamwalira, ana a ku Warren ankagulitsa nyumba pa mtengo wongotaya.

Nyumba zotsika mtengozo ndi zomwe zinaitana anthu atsopano. M'zaka za m'ma 1990 kunabwera othawa nkhondo ya ku Bosnia. Kenako kunabwera Abangladeshi, ambiri a kuchigawo cha Sylhet, omwe anali atayamba akhala ku Queens mumzinda wa New York n'kulephera lendi ya kumeneko. Atamva kuti ku Michigan ndalama yomwe amalipira lendi ingawagulire nyumba yosanja, anasamuka mabanja mabanja. Ayemeni omwe anatsala anayamba kuitanitsa akazi ndi ana, ndipo nkhondo ya ku Yemen itakula mu 2015 anabwera ochuluka. Nyumba ija yomangidwira banja lalikulu la Chipolishi ndi mlendi wake inakwanira bwino banja lalikulu la Chisilamu: makolo pansi, mwana wokwatira pamwamba, mzikiti ndi bucha ya halali pa mtunda woyenda wapansi. Mu 2008 gawo la msewu wa Conant linapatsidwa dzina laulemu loti Bangladesh Avenue.

Kusiyana kwa magulu awiriwa n'kwakukulu ndipo tisakuphonye. Apolishi anatsata ntchito, nyumba n'kubwera pambuyo. Asilamu a m'zaka zino anatsata nyumba, ntchito n'kumakaisaka kwina. Ambiri amadzuka usiku kupita ku timafakitale ta kunja kwa tauni topanga zipangizo za galimoto, komwe malipiro ndi otsika ndipo nthawi zambiri kulibe bungwe la antchito. Ena amayendetsa matakisi ndi mathiraki, ena ali ndi magolosale ndi malo odyera. Pa kalembera wa 2020 munapezeka anthu 28,433, kukwera kuchoka pa 22,423 mu 2010, pamene Detroit yowazungulira, yomwe mu 1950 inali ndi anthu 1.8 miliyoni, inatsika kufika pa 639,111. Lero Hamtramck ndi tauni yothithikana kwambiri m'chigawo chonse cha Michigan. Anthu oposa 40 pa 100 alionse anabadwira kunja kwa America, ndipo oposa mmodzi mwa atatu amawerengedwa kuti ndi osauka pa muyezo wa dzikolo. Za kuchuluka kwa Asilamu, tidziwe kuti kalembera wa ku America safunsa chipembedzo, ndipo mpaka 2020 Aarabu ankawerengedwa m'gulu la azungu. Mawu oti Asilamu ndi oposa theka amachokera pa kuwerengera maiko omwe anthu anachokera, ndipo akugwirizana ndi zomwe zisankho zakhala zikuonetsa.

Nkhani yomwe inatchukitsa tauniyi koyamba ndi ya adhana. Mu 2004 mzikiti wa Al-Islah, wa Abangladeshi, womwe uli pa msewu wa Caniff moyang'anizana ndi tchalitchi cha St. Ladislaus, unapempha khonsolo chilolezo choitanira swala pa chimkuzamawu. Nthawi imeneyo m'khonsolo munali Msilamu mmodzi yekha, Shahab Ahmed. Mfundo ya opemphawo inali yosavuta: mabelu a tchalitchi akhala akulira m'tauniyi kuyambira kalekale popanda wodandaula. Mu Epulo khonsolo yonse inavomera, n'kuika malire akuti kuitanako kuzichitika pakati pa 6 koloko m'mawa ndi 10 koloko usiku. Otsutsa anasonkhanitsa masiginecha mpaka nkhani inapita ku voti ya anthu onse. Ena mwa otsutsawo anali a chidani chenicheni, ena anachita kuchokera kumadera akutali kudzakolezera moto, koma ena anali nkhalamba zomwe zinaona fakitale ikugwa, Poletown ikugwa, ana akusamuka, ndipo tsopano zinkamva ngati ngakhale mlengalenga mwa tauni yawo mukulandidwa. Sitikuvomereza maganizo awo, koma mantha awo akumveka komwe ankachokera. Mu Julayi 2004 anthu anavota, ndipo oposa theka anati lamulolo likhale. Ambiri mwa ovotawo sanali Asilamu, ndipo chimenechi n'choyenera kuchikumbukira tikamaifotokoza nkhaniyi. Malire a nthawi aja ali ndi tanthauzo lake kwa woswali. Kumeneko m'miyezi ya Juni ndi Julayi, Fajr imalowa cha m'ma 4 koloko ndipo Isha imafika cha m'ma 11 koloko usiku, choncho adhana ya swala ziwirizi m'nyengo imeneyo imathera m'kati mwa mzikiti. Ramadhan ikagwa m'miyezi imeneyi, swaumu yawo imapitirira maola 16, wina ali chiimire pa makina.

Mu Novembala 2015 Asilamu anapeza mipando inayi mwa isanu ndi umodzi ya khonsolo, koyamba m'mbiri ya America. Mu Novembala 2021 Amer Ghalib, wobadwira ku Yemen, yemwe atangofika ali mnyamata anagwirapo ntchito m'fakitale ya zipangizo za galimoto, anagonjetsa mayi Karen Majewski, n'kuthetsa mndandanda wa mameya a Chipolishi womwe unayamba ndi Jezewski zaka 100 m'mbuyomo. Mwa makhansala asanu ndi mmodzi a nthawiyo, mmodzi anali mayi wa Chipolishi yemwe analowa Chisilamu.

Walira mvula walira matope. Mpando unabwera ndi katundu wake yense. Tauniyi boma la Michigan linaiikapo kale kawiri pansi pa woyang'anira chuma wochokera kunja, mu 2000 ndi mu 2013, ndipo mu 2010 inapempha kuti ilengezedwe kuti yalephera kubweza ngongole koma inakanizidwa. Mapaipi a madzi ndi a m'nthawi ya Dodge, ena a mtovu womwe umawononga ubongo wa ana. Mvula ikagwa yambiri zipinda zapansi zimasefukira. Penshoni za apolisi ndi ozimitsa moto omwe ankatumikira tauni ya anthu ochuluka zikulipiridwa ndi misonkho ya anthu osauka. Nkhani zomwe zinamveka kunja ndi zina: mu Januwale 2023 khonsolo inaloleza kuzinga nyama pakhomo pa zifukwa za chipembedzo, ndipo mu Juni chaka chomwecho inaletsa kukweza mbendera za magulu pa malo a khonsolo, kuphatikizapo ya amuna kapena akazi okwatirana okhaokha, zomwe zinakwiyitsa ena mwa anthu omwe anaima ndi Asilamu pa nkhani ya adhana. Mu 2024 meya Ghalib anaonetsa poyera kuti ali kumbali ya Donald Trump, yemwe mu 2017 anatsekera anthu a ku Yemen khomo lolowera m'dzikolo, ndipo Asilamu a m'tauniyi anagawikana. Pa zisankho, Ayemeni ndi Abangladeshi amapikisana motsata kochokera, ngakhale pa Ijumaa amayang'ana Qibla imodzi. Mu 2025 makhansala awiri anazengedwa milandu yokhudza mapepala ovotera. Kuweruza n'kwa khoti, koma ngati wina adzapezeke wolakwa, chiyeso chomwe chinagwera Apolishi pa Jezewski chidzakhala chafika pa abale athu: kumuteteza poti ndi wathu, kapena kunena chilungamo.

Fakitale ya General Motors ija idakalipo pa malo a Dodge Main ndi Poletown. Mu Novembala 2018 kampani inalengeza kuti isiya kupangiramo galimoto, koma sitalaka ya masiku 40 ya UAW mu 2019 inaipulumutsa. Anaikonzanso ndi madola 2.2 biliyoni, anaitcha Factory Zero, ndipo imapanga galimoto zikuluzikulu zoyendera magetsi monga GMC Hummer EV, zomwe mtengo wake munthu wamba wa ku Hamtramck sangaufike. Antchito ake ndi masauzande ochepa chabe poyerekeza ndi 40,000 aja, ndipo amalowa pa galimoto kuchokera mbali zonse za Detroit.

Ana a Abangladeshi omwe aphunzira n'kupeza ntchito zabwino ayamba kale kugula nyumba za mabwalo aakulu ku Warren ndi ku Sterling Heights, msewu womwe uja anadzera ana a Apolishi, ndipo mizikiti yatsegulidwa kumeneko. M'nyumba zamatabwa za mamita 9 zija mukulowa alendi ena, ambiri ongofika kumene kuchokera ku Sylhet ndi ku Yemen.